Lenzi ya Sigma ikuphonya maso pa Canon: vuto lili pati?

Mwandilembera kuti muli ndi Canon 5D Mark III ndi lenzi ya Sigma 35mm f/1.4 Art. Mukajambula munthu pa f/1.4 (lenzi itatseguka kotheratu), makutu akumaoneka bwino koma maso ali mbuu. Munaika -8 mu AF Microadjustment (malo a mu kamera osunthira fokasi kutsogolo kapena kumbuyo pang'ono), zapafupi zinakhala bwino, koma tsopano zakutali ndiye zasokonekera. Mukufunsa ngati lenziyo ndi yowonongeka.

Mwina siyowonongeka ayi. Kamera ya DSLR (yokhala ndi kalilole mkati, ngati yanuyi) siyeza fokasi pa sensa yomwe imajambula chithunzi. Kuwala kumadutsa pakalilole wamkulu, kenako kakalilole kena kumbuyo kwake kamakutsitsira pa sensa ina yaing'ono yomwe ili pansi. Njira yopita ku sensa yaing'onoyi ikasiyana pang'ono chabe ndi yopita ku sensa yojambula, kamera imakhulupirira kuti yalasa pomwe yaphonya. Pa f/1.4 kuphonyako sikubisika. Komanso Canon simauza makampani ena momwe kamera zake za EF (mtundu wa polumikizira lenzi, ngati wa kamera yanu) zimalankhulirana ndi malenzi, choncho a Sigma ndi a Tamron amachita kufufuza okha. N'chifukwa chake malenzi awo amakonda kuvuta pa nkhani imeneyi kuposa a Canon eniake.

Musanasinthe nambala ina iliyonse, yesani kaye. Bwezerani AF Microadjustment pa 0. Ikani kamera pa tripod, mumate pakhoma pepala la zilembo zakuda bii, kamera iyang'anizane nalo ndendende. Mtunda ukhale kuwirikiza 35mm ka 50, kutanthauza mamita 1.75. Jambulani masana pamalo owala bwino, chifukwa mababu ofiira aja amatha kusuntha fokasi. Sankhani One-Shot (fokasi yogwira kamodzi n'kuima), kadontho ka fokasi kapakati kokha, f/1.4, ndi timer ya masekondi 2. Chithunzi choyamba jambulani ndi Live View (kuyang'ana pa sikirini ya kumbuyo kwa kamera), popeza pamenepo fokasi imayezedwa pa sensa yeniyeni. Chimenecho ndiye muyezo wanu. Kenako jambulani zisanu kapena khumi mukuyang'ana pa viewfinder (kawindo koikapo diso), ndipo musanajambule chilichonse, potozani mphete ya fokasi kuti kamera iyambirenso kusaka. Ambiri amadumpha pamenepa, mapeto ake amangoyeza fokasi imodzi yomweyo kakhumi.

Mukaika rula yopendekeka pambali pa pepalalo, ikuonetsani komwe fokasi yagwera. Koma musaloze kadontho pa rulayo: dera lomwe sensa imaona ndi lalikulu kuposa kabokosi kamene mumaona inu, ndiye imangogwira mzere uliwonse womwe yaukonda.

Tsopano onani zotsatira. Ngati zonse zagwera kumbuyo mofanana, imeneyo ndi back focus, ndipo imakonzeka: manambala a minus amakokera fokasi kwa inu, a plus amaikankhira kutali, kuyambira -20 mpaka +20. Koma ngati china chagwera kutsogolo, china kumbuyo, china pakati, siyani. Palibe nambala yomwe ingachize lenzi yomwazika chonchi. Pukutani timakontakiti tagolide ta kumbuyo kwa lenzi, onani ngati pali firmware (pulogalamu ya mkati mwa lenzi) yatsopano, zikapitirira ibwezeni kapena muitumize kwa okonza pamodzi ndi kamera.

Vuto lanu lenileni ndi lakuti kamera imapereka nambala imodzi yokha kwa lenzi yopanda zoom, pomwe lenzi yanu ikuphonya mosiyana pa mitunda yosiyana. -8 ija inakonza pafupi n'kuwononga patali. Apa ndi pomwe Sigma USB Dock, kachipangizo kolumikizira lenzi ku kompyuta, imagwira ntchito. Mumamanga lenzi pa dokoyo, kulumikiza ku kompyuta, kutsegula pulogalamu ya Sigma Optimization Pro, ndipo imakupatsani mitunda inayi, kuyambira pafupi kwambiri mpaka patali penipeni, uliwonse ndi nambala yakeyake. Malenzi a zoom amakhala ndi malo 16. A Tamron ali ndi doko yawo, TAP-in Console.

Ntchitoyi ndi yofuna kudekha: kuyeza pa mtunda umodzi, kumasula lenzi, kuika nambala, kumanganso, kuyezanso. Mu kamera musiye 0 nthawi yonseyi, apo ayi manambala awiriwa aziphatikizana ndipo simudziwa chomwe chathandiza. Nambala za mu kamera ndi za mu doko sizilingana kwenikweni, choncho musangokopera -8 uja. Mukamaliza inayi yonse, bwererani koyamba, chifukwa kusintha mtunda umodzi kumakhudzako woyandikana nawo. Dziwaninso kuti manambalawa amasungidwa mu lenzi, ndiye mukaiika pa kamera ina apita nayo komweko.

Chomwe doko silingakonze ndi timadontho ta m'mphepete. Ngati kapakati kakulasa bwino koma ta m'mbali tikuphonyabe, pa f/1.4 gwiritsani ntchito Live View, kapena tsekani pang'ono mpaka f/2. Mukadzasamukira ku kamera ya mirrorless (yopanda kalilole) monga EOS R6, lenzi yomweyi pa adaputala siidzafuna zonsezi, koma mudzakumbukire kubwezera manambala a mu doko pa 0.