Zopalasa boti pa Zambezi nthawi ya Isitala

Achimwene, mwafunsa ngati mungakapalase nawo boti la mphira ku Livingstone, ku Zambia, pa tchuthi cha Isitala, poti ndinu mwana wa kunyanja ndipo kusambira mumakutha. Ndikuuzeni mosapsatira, Epulo si nthawi yake.

Mvula yogwa ku Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia imayamba yadzaza madambo a ku Barotse, kenako madziwo amatsika pang'onopang'ono. Ndiye kwathu mvula ikamatha, pa mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) mtsinje umakhala utangofika pachimake. M'chigwembe cha Batoka, kumunsi kwa mathithiwo, madzi amakwera kwambiri moti makampani amaimitsa maulendo kwa milungu ingapo. Akatsegulanso sayambira kumtunda, amakuyambitsani cha pa malo owinduka madzi a nambala 11 kapena kumunsi kwake.

Ngati mungathe kudikira, pitani pakati pa Ogasiti ndi Disembala. Madzi akachepa miyala imatuluka, mafunde amakula, ndipo ulendo umayambira pa dziwe la Boiling Pot, pafupi ndi mlatho wa 1905 wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe. Malo owinduka ali ndi manambala ndi maina. Nambala 5, Stairway to Heaven, boti limatsetsereka ngati likulowa m'dzenje, kutsogolo kuli khoma la thovu lokhalokha. Pa nambala 9, Commercial Suicide, alendo onse amatsika n'kudutsa pamiyala wapansi, palibe zokambirana. Pa 18, Oblivion, maboti ambiri amagadabuzika.

Koma chimene chandikhudza ndi mawu anu oti mumatha kusambira. Nyanja imakunyamula, koma mtsinje uwu umakukokera pansi. Ine nditagwera m'madzi sindinadziwe kuti kumwamba ndi kuti, ndinangoona zoyera ponseponse, mpaka jekete yoyandamitsa inanditulutsa yokha. Choncho wotsogolera akamakumangani jeketeyo mpaka kupuma kukuvutani, musaimasule. Chipewa cholimba chija musavule. Mukagwa, gonani chagada miyendo italoza kumene madzi akupita, ndipo musayese kuimirira, chifukwa phazi likakanirira pakati pa miyala madzi amakugwetsani chafufumimba. Gwirani chingwe cha m'mbali mwa boti ngati chili pafupi, apo ayi dikirani mnyamata wa kayaki (kabwato ka munthu mmodzi) amene amatsagana nanu kuti akukokeni. Nkhafi muziigwira kumutu kwake nthawi zonse, ikapulumuka imagulula mnzanu mano.

Mowa ayi, ngakhale wa dzulo lake usiku. Ana osafika zaka 15 nthawi zambiri saloledwa, ndipo ngati muli ndi vuto la mtima kapena mphumu, nenani musanasaine fomu. M'malo odekha musadumphire m'madzi asanakuuzeni, muli ng'ona.

Valani nsapato zomanga, osati patapata. Kutsika m'chigwembemo n'koterera, ndipo kukwera pobwerera dzuwa la Okutobala lili pamutu, manja atalema kale, kumafuna mphamvu kuposa kupalasa kwenikweniko. Musanalipire funsani ngati ulendo wanu ukathera pa nambala 25, pomwe mbali ya Zambia panali kangolo kokoka ndi chingwe kokweza anthu, komanso ngati kakugwirabe ntchito.