Code of conduct ya kuntchito ndi msampha wotchera ang'onoang'ono? Yankho langa kwa achemwali a ku Kanengo

Ndalandira email kuchokera kwa achemwali ena amene amagwira ntchito ku stores pa kampani ina ku Kanengo, apempha kuti ndisatchule dzina lawo ngakhale la kampaniyo. Nkhani yawo mwachidule ili chonchi. Kampani yatulutsa code of conduct yatsopano, chibuku chonenepa cha Chingerezi chokhachokha, a HR anangoyenda ndi fomu kuti aliyense asayine kuti wawerenga ndipo wamvetsa, anthu anasayina ali chiimire osatsegula ndi tsamba limodzi lomwe. Mkatimo analemba kuti wantchito asalandire mphatso kwa ma sapulaya, asagwiritse ntchito katundu wa kampani pa zake, komanso aulule ngati iye kapena m'bale wake ali ndi bizinesi yogulitsa zinthu ku kampaniyo. Iwowa anawerenga, ndiye tsiku lina sapulaya atawasiyira envulopu ati "ya fanta" anaibweza. Pano anzawo akuwatchula kuti mayi busa, ena asiya kudya nawo nkhomaliro poganiza kuti ndi kazitape wa mabwana. Koma chikuwawawa kwambiri nchoti lole ya kampani imanyamula njerwa ndi simenti kupita kumene bwana wina akumanga nyumba ku Area 49 pafupifupi Loweruka lililonse, aliyense akudziwa, palibe wafunsidwapo. Funso lawo ndi lakuti, "Kodi ndine wopusa? Malamulowa ali ndi ntchito kapena anangolembera ife ang'onoang'ono kuti apeze potichotsera?"

Achemwali, simuli opusa ayi, ndipo envulopu ija munachita bwino kuibweza. Koma ndiyambe ndi anzanuwo, chifukwa sindikufuna muziwaona ngati anthu oipa mtima. Munthu sanyoza malamulo a pantchito chifukwa choti wawerenga ndime ndi ndime nkupeza kuti ndi oipa, ambiri sanawerenge nkomwe monga mwanenera. Amanyoza chifukwa cha zimene maso ake akuona. Dalaivala amene Loweruka anatumidwa kukatsitsa njerwa za abwana ndi mafuta a kampani, Lolemba mukamupatsa fomu yoti asayine kuti sadzanyamula matola pa galimoto ya kampani mukuganiza mumtima mwake akuti chani? Asayina inde poti ntchito akuifuna, koma waphunzira kale kuti lamulo pano limayang'ana pansi pokhapokha. Ndiye onjezerani mmene chibukucho chinabwerera, Chingerezi cha maloya kwa alonda, okonza m'maofesi ndi onyamula katundu, popanda ndi msonkhano umodzi womwe woti anthu afunse mafunso. Munthu ukamusayinitsa chinthu chimene sunamufotokozere amadziwa yekha kuti siginecha imeneyo si yomuthandiza iye, ndi yoti idzatulutsidwe mu fayilo tsiku la hearing.

Palinso nkhani ya m'thumba imene mabwana ambiri safuna kuimva. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu inathamanga koma malipiro m'makampani ambiri anangokwawa. Munthu wochokera ku Chinsapo kapena ku Area 36 kupita ku Kanengo amakwera minibasi ziwiri m'mawa ziwiri madzulo, lendi ikumudikira, ana akufuna fizi, ndiye sapulaya akamupatsa kangachepe iye saona katangale ayi, amaona thiransipoti ya sabata imeneyo. Mpamene mumamva anthu akuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Ine mavuto amenewa sindiwapeputsa ngakhale pang'ono, ndipo kampani imene imalipira anthu ndalama zosafika pakati pa mwezi kenako nkuwapatsa chibuku cha makhalidwe abwino ikuyenera kuchita manyazi.

Komabe tiyeni tione envulopu ija bwinobwino, poti inuyo muli ku stores. Sapulaya sapereka ya fanta chifukwa chokukondani. Lero akupatsani popanda kupempha kanthu, mawanso chimodzimodzi, tsiku lachitatu abwera ndi matumba 90 pomwe delivery note ikuti 100 nkukuuzani kuti asisi tangosayinani GRN (pepala lovomereza kuti katundu walandiridwa) otsalawo ndibweretsa Lachisanu, ndipo inu simungakanenso chifukwa munadya kale zake. Lachisanu lija silifika. Ikadzakwana nthawi ya stock taking ma odita sadzafunsa kuti envulopu anagawana anthu angati, adzafunsa kuti anasayina kuti katundu walowa ndani, ndipo dzina limene lili pamenepo ndi lanu lokha. Anzanu amene akukusekani lero tsiku limenelo adzakhala ali pa mzere wa chiimilire kudya chipisi, inu muli mu boardroom.

Ife a ku Lilongwe kuno nkhani imeneyi sitikuyenera kuchita kuuzidwa. Cashgate ya 2013 ku Capital Hill, gawo lalikulu linali lomweli, boma kulipira makampani ndalama za katundu ndi ntchito zimene sizinaperekedwe nkomwe. Ma odita a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi 6 yokha, kuyambira April mpaka September chaka chimenecho. Ndipo mmodzi mwa anthu oyamba kugwidwa sanali nduna kapena bwana wamkulu, anali accounts assistant amene anapezeka ndi ndalama zankhaninkhani, khoti linamugamula zaka 9. Akuluakulu ena anamangidwanso inde, koma milandu ya ena inatenga zaka ndi zaka maloya akuyimitsa apa ndi apo, pomwe wamng'ono sachedwa kulowa. Ndiye mukamati malamulo amagwira ang'onoang'ono ine ndikuvomera, ndipo nchifukwa chake wamng'onoyo ndi amene akuyenera kuwadziwa bwino kuposa bwana. Musaganizenso kuti za ziphuphu ndi za m'boma zokha, Corrupt Practices Act ya 1995 imene inakhazikitsa Anti-Corruption Bureau (ACB) imakhudzanso ogwira ntchito m'makampani omwe si aboma, wolandira ndi wopereka onse.

Tsopano chimene anthu ambiri sadziwa, ndipo chimandipweteka kuti sadziwa, nchoti chibukucho chimamanganso kampaniyo manja. Code of conduct si lamulo lalikulu kuposa malamulo a dziko. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994, ndime 31, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwiritsidwa ntchito mwachilungamo. Employment Act ya 2000, ndime 57, imati bwana sangakuchotseni ntchito popanda chifukwa chomveka, komanso ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe kanu ka ntchito akuyenera kukupatsani mpata woti muyankhepo kaye pa zimene akukunenezani. Nkhani ikafika ku khoti, ndi bwanayo amene akuyenera kuonetsa chifukwa chake anakuchotsani ndiponso kuti anachita mwachilungamo, osati inu. Ndime 56 imaletsa bwana kumangokudulani malipiro ngati chindapusa cha kulakwa, kupatula masiku amene mwajomba popanda chilolezo kapena kubweza katundu amene mwawononga. Ndiye ngati mu code yanuyo analembamo ndondomeko yoti poyamba ndi chenjezo la pakamwa, kenako warning letter, kenako hearing imene mungabwere ndi mnzanu kapena wa union, tsiku limene adzalumphe ndondomekoyo chibuku chomwecho ndi umboni wanu. Amene anasayina osawerenga sadzadziwa nkomwe kuti amulumphira kanthu.

Poti ndinu mayi, tsegulaninso pamene akukamba za nkhanza zokhudza kugonana. Gender Equality Act ya 2013 inaika mchitidwe umenewu kukhala mlandu, chilango chake ndi K1,000,000 komanso zaka 5 kundende, ndipo imafuna kuti malo a ntchito akhale ndi ndondomeko yoti wochitiridwa akadandaule. Atsikana ambiri m'makampani athuwa amangopirira supavaiza wogwiragwira chifukwa palibe anawauza kuti pali pepala limene kampani inasayina yokha loletsa zimenezo.

Za lole ya njerwa ija. Choyamba dziwani kuti mabwana ena mu kontirakiti yawo amaloledwa kugwiritsa ntchito galimoto imene anapatsidwa pa zawo, koma imeneyo imakhala galimoto yawo yoyendera, lole yonyamula katundu wa kampani ndi dalaivala wake ndi mafuta ake ndi nkhani ina, pokhapokha ngati pali chilolezo cholembedwa ndipo akulipira. Ine sindikuuzani kuti mawa mukagogode pa ofesi yawo nkuwaloza chala, ayi, muli ndi ana oti muwadyetse. Anthu kuno amaopa kuulula ndipo manthawo ali ndi pochokera, tonse tikukumbukira kuti Paul Mphwiyo, yemwe anali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, anawomberedwa pa geti la nyumba yake ku Area 43 mu September 2013, komanso Issa Njauju wa ku ACB anaphedwa mu 2015. Pa kampani sizifika pamenepo kawirikawiri, koma kusamutsidwa, kumanidwa pulomoshoni kapena kusakidwa tizifukwa zimachitika. Ndiye yang'anani mu chibukucho ngati muli njira youlula mosadziwika. Makampani ndi mabanki angapo muno amagwiritsa ntchito Tip-offs Anonymous ya Deloitte, mumayimba kapena kulemba osatchula dzina ndipo lipoti silidutsa kwa bwana wanu wa pafupi. Ngati mulibe zoterozo onani ngati kuli internal audit kapena komiti ya board yoona za audit. Mukafuna kunena, nenani zimene munaona ndi maso anu, tsiku, nambala ya galimoto, gate pass inalembedwa kuti ikupita kuti, osati zomva pa nkhomaliro. Ndipo mukaona kuti njira yotetezeka palibe, kukhala chete pa za lolezo si tchimo lanu, chachikulu siginecha yanu isapezeke pa pepala labodza lililonse, kaya ndi la mafuta kaya ndi gate pass. Akakutumani chinthu chokhota auzeni mwaulemu kuti bwana tandilemberani ka memo kapena ka email ndiike mu fayilo, ambiri amabwerera pomwepo.

Anzanu aja musawalalikire. Mukayamba kuwawerengera ndime za chibukucho dzina la mayi busa likhazikika mpaka kale. Akakufunsani ingonenani kuti ine ndimaopa, ntchito yanga ndi yomweyi, basi, munthu wamantha amamumvetsa kusiyana ndi munthu wodziyesa woyera. Chipereganyu pitirizani, pa maliro sonkhani nawo ndipo muzipita, moni musasiye kupereka ngakhale akuyankha monyinyirika. Ukazitape umene akukuganizirani utha wokha akaona miyezi ikudutsa palibe waitanidwa ku HR chifukwa cha inu. Sapulaya akadzabweranso ndi kalendala kapena dayale ya kumapeto kwa chaka, onani ngati code ikuloleza timphatso tating'ono komanso ngati kuli buku lolembamo mphatso, lembanimo, nkhani yatha. Koma ndalama ayi, ngakhale zitabwera pa Airtel Money kapena Mpamba usiku, bwezani pa nambala yomweyo ndipo musunge uthengawo.

A HR ndi mabwana amene mukuwerenga, poti ndikudziwa mulipo, anthu anu sakukana makhalidwe abwino, akukana kupusitsidwa. Masulirani chibukucho m'Chichewa, chifupikitseni, khalani pansi ndi anthu shifiti ndi shifiti afunse zimene akufuna kuphatikizapo za malipiro, ndipo oyamba kudzaza fomu youlula mabizinesi awo akhale ma manijala, pamaso pa onse. Tsiku limene manijala mmodzi adzalandire warning letter kapena kubweza ndalama za mafuta chifukwa cha ndime yomweyo imene munachotsera mlonda, simudzafunikanso kuyenda ndi fomu kukakamiza anthu kuwerenga.

Achemwali, pemphani kope yanu ya code imeneyo pamodzi ndi conditions of service, ngati akukana jambulani masamba ake pa foni, ndipo muzisunga kunyumba osati mu drawer ya ku ofesi chifukwa tsiku la suspension salola munthu kutenga mapepala. Zikadzavuta nkuchotsedwa ntchito mosatsata chilungamo, Employment Act imakupatsani miyezi 3 kuchokera tsiku lochotsedwalo kuti mukadandaule kwa District Labour Officer, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, imene ilipo konkuno ku Lilongwe ndipo mutha kukayamba nkhani yanu ngakhale mulibe loya.