Ndimafika m'mawa, ndimaweruka mochedwa, koma ntchito siyenda: yankho kwa mayi wa ku Lilongwe

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito yowerengera ndalama m'bungwe lina ku Lilongwe. Apempha kuti dzina lawo lisatchulidwe. Funso lawo mwachidule ndi ili: "Ndimafika pa ofesi 7:30 isanakwane, ndimaweruka dzuwa litalowa, ndipo tsiku lonse sindikhala manja lende. Koma mwezi ukamatha lipoti la ndalama limakhala lisanathe, mpaka ndimapita nalo kunyumba kukalemba ana akagona. Abwana ayamba kudandaula. Kodi ndine waulesi koma sindikudziwa? Ndisinthe chiyani?"

Mayi, munthu waulesi salemba lipoti usiku ana atagona. Maganizo amenewo achotseni, chifukwa akungokudyerani mphamvu. Mmene ndawerengera kalata yanu, vuto ndi loti tsiku lanu limagawidwa tizidutswatizidutswa kwa aliyense amene wabwera, ndipo ntchito yaikulu ija, imene abwana amakuyezerani nayo, ilibe nthawi yakeyake. Imadikira kuti papezeke mpata, ndipo pa ofesi mpata supezeka wokha.

Musanasinthe kalikonse, tengani pepala muliike pambali pa kompyuta. Kwa sabata imodzi, pakatha theka lililonse la ola, lembani mzere umodzi wa zimene mumachita: "ndimafufuza lisiti la dalaivala", "ndimayankha foni ya achimwene", "ndimathandiza mnzanga pa Excel". Musakometsere, pepalalo ndi lanu nokha. Lachisanu mukaliwerenga mudzaona ndi maso anu kumene maola akulowera, ndipo pepala lomwelo lidzakuthandizani pa nkhani ina imene ndinene kumapeto.

Ndikukhulupirira kuti chimodzi mwa zimene mudzapeze ndi foni. Ambirife tili m'magulu a WhatsApp osawerengeka: la banja, la mpingo, la banki m'khonde, la makolo a kusukulu kwa ana, la anzathu a kusekondale, ndi lina limene latsegulidwa dzulo lokonzekera ukwati kapena maliro. Uthenga uliwonse umaoneka ngati wa masekondi ochepa. Koma taganizirani pamene mukuyerekeza sitetimenti ya ku banki ndi buku la ndalama, chala chili pa mzere wina, m'mutu mwasunga nambala ya cheke imene sikugwirizana. Foni yawala. Mwayang'ana, ndi chithunzi cha nsalu ya ukwati, mwayankha kuti ndi yokongola. Pobwerera pa sitetimenti, nambala ija yathawa, ndipo mukuyambiranso pamwamba pa tsamba. Apa ndi pamene zolakwika zimalowera m'mabuku.

Gloria Mark, wa ku University of California, Irvine, wakhala zaka zambiri akutsatira anthu ogwira ntchito m'maofesi ndi wotchi m'manja. Iye anapeza kuti munthu akasokonezedwa, pamapita mphindi zoposa 20 asanabwerere pa ntchito imene anasiya, chifukwa pakatipo amagwirako tina ndi tina. Anapezanso kuti mu 2004 anthu ankakhala pafupifupi mphindi ziwiri ndi theka akuyang'ana chinthu chimodzi pa kompyuta asanasinthe, koma zaka zaposachedwapa nthawiyo yatsika kufika masekondi 47. Wofufuza wina, Sophie Leroy, analemba mu 2009 kuti tikachoka pa ntchito yosatha kupita pa ina, mbali ina ya maganizo imatsalira pa yoyamba ija, choncho yachiwiriyo timaigwira ndi theka la mutu. Makolo athu anaziona kalekale pamene anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chochita apa n'chosavuta kunena. Foni ikhale m'chikwama, magulu onse muwatseke mawu, muziiona nthawi ya tiyi, ya nkhomaliro ndi chakumadzulo. Auzeni a kunyumba ndi aphunzitsi a ana kuti pakakhala zadzidzidzi aziimba, asamalembe uthenga. Mukatero mtima umakhala m'malo, chifukwa mukudziwa kuti nkhani yoopsa idzakupezani ndi kulira kwa foni.

Koma chimene ndikufuna tikhalepo nthawi yaitali si foni. Ndi mawu aja akuti "tandithandizeniko pang'ono". Munthu wa ku akawunti amawamva tsiku lonse. Dalaivala akufuna ndalama ya mafuta, wina akufunsa ngati alawansi yake ya ku msonkhano wa ku Salima yatuluka, wina wataya fomu, wina sakudziwa kuwonkhetsa pa Excel. Onsewa amaima pakhomo, ena amakhala pampando n'kuyamba ndi moni wautali, kufunsa za ana ndi za kumudzi. Ife tinaleredwa kuti munthu akabwera umasiya zimene ukuchita n'kumulandira, ndipo kuuza wamkulu kuti adikire kumamveka ngati mwano. Khalidwe limeneli ndi labwino, sindikunena kuti mulitaye. Koma onani zotsatira zake: aliyense amachoka pa desiki yanu atathandizidwa, ndipo amene amatsala ndi ntchito yosatha ndinu nokha. Tsiku la lipoti palibe mmodzi wa iwo amene adzaime nanu pamaso pa abwana.

Simukufunika kukana anthu. Mukufunika kuwapatsa nthawi. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa "sindingathe" ndi "Achimwene, ndamva, ndingomaliza kaye ichi, ndikupezani 11 koloko." Mawu achiwiriwa ali ndi ulemu wonse, bola 11 koloko ikakwana mupitedi. Mukasunga lonjezo kangapo, anthu amazolowera, ndipo ena amapeza okha yankho nthawiyo isanakwane. Mungathenso kugwirizana ndi anzanu kuti zopempha ndalama ndi kusayinitsa mapepala zizichitika nthawi imodzi yodziwika, tinene kuyambira 10:30 mpaka 12 koloko, n'kumata kapepala pachitseko. Sabata yoyamba ena adzang'ung'udza kuti mwayamba kudzimva. Pirirani, chifukwa iwo omwe adzaona kuti mapepala awo akutuluka msanga akamachitidwa pamodzi.

Nanga akakhala abwana eniake amene abwera ndi ntchito yatsopano? Apa ambiri timangoti "chabwino bwana" uku mtima ukudandaula. Yesani kunena chonchi: "Bwana, panopa ndili pa lipoti la mwezi limene mukulifuna Lachisanu. Ndiliike kaye pambali ndichite ichi, kapena ichi chidikire?" Simunakane, simunachite mwano. Mwangowakumbutsa zimene zili kale m'manja mwanu, ndipo mwawasiyira iwo kuti asankhe. Nthawi zambiri abwana sakumbukira kuti anakupatsani zinthu zingati, ndipo akamva chonchi amanena okha kuti chinacho chidikire. Akasankha kuti lipoti liime, ndiye kuti kuchedwa kwake akukudziwa.

Tsopano za chizolowezi chimene chili mwa inu mwini, chifukwa si zonse zochokera kwa anthu ena. Tikafika m'mawa timakonda kuyamba ndi tinthu tating'ono: kuwerenga maimelo, kukonza pa desiki, kuyankha mafunso osavuta. Timadziuza kuti tikuchotsa kaye zing'onozing'ono kuti tikhale bwino pa chachikulu. Zoona zake n'zoti chachikulucho chikutiopsa, ndipo tinthu tating'onoti timatipatsa mtendere wakuti tikugwira ntchito. Pofika masana, titadya nsima, mutu walemera, m'pamene timatsegula lipoti. Maola abwino kwambiri a ubongo apita ku zinthu zimene mukanazichita ngakhale mutatopa.

Sinthanitsani. Kuyambira 7:30 mpaka 9:30 ikhale nthawi ya lipoti, imelo isanatsegulidwe. Ndipo musalembe pa ndandanda yanu mawu akuti "lipoti" okha, chifukwa mawu amenewo sakuuzani poyambira. Lembani madzulo musanaweruke kuti: "Mawa ndikangokhala pampando, nditsegula sitetimenti ya ku banki ya sabata yoyamba n'kuiyerekeza ndi malisiti." Malisitiwo muwasiye pa desiki atasanjidwa kale. Zimaoneka zazing'ono, koma zinayesedwa. Katswiri wa maganizo a anthu Peter Gollwitzer ndi mnzake Veronika Brandstätter anapempha ophunzira a ku yunivesite ku Germany kuti alembe lipoti la mmene anachitira Khrisimasi, pasanathe masiku awiri chikondwererocho chitadutsa. Ena anauzidwa kuti aneneretu nthawi ndi malo amene adzalembere, ena sanauzidwe. Mwa amene ananeneratu, pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse analemba pa nthawi yake. Mwa enawo, analemba ndi mmodzi yekha mwa atatu.

Ngati maola awiri akukukulirani poyamba, pali njira ya Francesco Cirillo wa ku Italy, imene anaiyamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ali wophunzira: kugwira chinthu chimodzi kwa mphindi 25, kupuma mphindi 5, n'kubwereza. Ena imawathandiza, ena imawadula pamene ayamba kumene kulowa bwino mu ntchito. Iyeseni, ikakanika musaumirire.

Kutengera ntchito kunyumba ndikupemphani kuti musiye. C. Northcote Parkinson analemba mu 1955 m'magazini ya The Economist kuti ntchito imafutukuka mpaka kudzaza nthawi yonse imene yapatsidwa. Mukadziwa mumtima kuti usiku ulipo, masana simulimbana ndi aliyense amene akukulandani nthawi, chifukwa mukuti ndikamaliza kunyumba. Kenako mumagona mochedwa, m'mawa mumafika mutatopa, ntchito imayenda pang'onopang'ono, ndipo madzulo mwanyamulanso laputopu. Ana nawonso amaona mayi awo ali pa kompyuta m'malo mocheza nawo. Dziikireni nthawi yoweruka ndipo laputopu izitsala.

Za magetsi ndi intaneti, zimene zimatha kuchoka pakati pa ntchito, sungani mulu wa ntchito zosafuna kompyuta, monga kusanja mafayilo, kusayina mapepala ndi kuimba mafoni, kuti zikachoka musakhale mukudikira.

Pomaliza, bwererani ku pepala lija. N'kutheka kuti mutasintha zonsezi mudzapeza kuti ntchito ikuposabe maola anu. M'mabungwe ambiri munthu akachoka salembanso wina, ntchito yake amangoisenzetsa amene watsala. Lamulo la zantchito la dziko lino, Employment Act ya 2000, limaika maola 48 pa sabata ngati malire a nthawi yogwira ntchito mwa masiku onse, ndipo maola a usiku amene mukugwira kunyumba palibe amene akuwawerenga. Zikakhala choncho, pemphani abwana mphindi 15 tsiku limene si la kumapeto kwa mwezi, mupite ndi pepalalo, muwaonetse maola amene amapita ku zopempha ndalama, ku misonkhano ndi ku lipoti, ndipo muwafunse kuti ndi ziti zimene angapatse munthu wina. Mukayesa izi kwa mwezi umodzi, mundilemberenso mundiuze kuti lipoti latha tsiku liti.