Kodi kulimba mtima munthu amachita kubadwa nako?

Funso: Achimwene anga awiri amalima mbatata ya kachewere. Chaka chino chiwawu chawononga minda yonse iwiri, ndipo onse ali ndi ngongole ku banki mkhonde. Aakuluwo anadandaula masiku ochepa n'kuyamba kulima tomato kudimba. Aang'onowo atha mwezi akungobindikira m'nyumba, sakudya bwino, kumpira ndi kutchalitchi anasiya. Kodi enawo ali ndi chiyani chomwe awa alibe?
Mlongo wodandaula, Bembeke, Dedza

Yankho: Chemwali, achimwene anu aang'onowo si aulesi kapena ofooka. Zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi matenda okhumudwa, omwe amagwira ngakhale anthu olimbikira ntchito. Pali ndithu makhalidwe omwe amachepetsa chiopsezo cha matendawa. Mbali ina munthu amatengera kumtundu, koma ambiri amachita kuphunzira.

Chachikulu ndi momwe munthu amadzifotokozera tsoka likagwa. Katswiri wa zamaganizo wa ku America, Martin Seligman, anaona kuti anthu otaya mtima msanga amaona vuto ngati losatha, lokhudza moyo wawo wonse, komanso lobwera chifukwa cha iwo okha. Wotere amati, "Ndine munthu watsoka, chilichonse chomwe ndingagwire chimawonongeka." Wachiyembekezo amati, "Kunali chinyezi ndi kuzizira, ndiye ndinachedwa kupopera. Ulendo wina ndidzayamba msanga." Munda womwe watayika ndi womwewo, koma wachiwiriyu watsala ndi pogwira. Tikuona kuti apa m'pomwe achimwene anu awiriwa asiyana kwambiri.

Chomwe chimawononga n'kubwerezabwereza ganizo limodzi usiku wonse ngati ng'ombe yobzikula. Mankhwala ake n'kusandutsa nkhawayo kukhala ntchito. Khalani pansi ndi achimwene aang'onowo, mulembe mavuto onse papepala, musankhe limodzi lokha lomwe lingatheke sabata ino. Pezani njira zitatu, iwo asankhe imodzi, mupangane tsiku ndi ola. Ngati ndi ngongole, poyambira pangakhale kukaonana ndi apampando a gulu Lachiwiri kuti akambirane zobweza pang'onopang'ono. Njira ngati imeneyi ndi yomwe agogo ophunzitsidwa amagwiritsa ntchito pa Friendship Bench, ntchito yopereka uphungu pa benchi yomwe dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa ku Harare m'dziko la Zimbabwe. Anthu ambiri amalakwitsa posankha vuto lalikulu kwambiri. Akalephera amakhumudwa kuposa kale.

Musadikire kuti mphamvu zibwere kaye. Kawirikawiri zimabwera munthu atayamba kale kuchitapo kanthu. Ayende mphindi 30 tsiku lililonse, makamaka ndi mnzawo, ndipo adzuke nthawi imodzimodzi ngakhale kukhale chifunga. Kuyamikira nako kumathandiza: madzulo atchule zabwino zitatu zomwe zachitika tsikulo ndi chifukwa chake, kwa sabata yathunthu. Zikhale zenizeni, monga "mlamu wanga anandibwereka khasu", osati "ndili moyo" tsiku ndi tsiku.

Chonde pewani mawu oti "limba mtima, ndiwe mwamuna". Amangowonjezera manyazi, ndipo manyaziwo amakankhira munthu ku kachasu, yemwe amasokoneza tulo n'kukulitsa vutolo.

Popeza mwezi watha kale, izi pazokha sizikwanira. Zizindikiro zikapitirira masabata awiri pafunika chipatala. Apititseni kuchipatala cha boma cha Dedza, mukafunse namwino woona za matenda a maganizo. Angapatsidwe uphungu kapena mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine. Mankhwalawa amatenga masabata awiri mpaka anayi kuti munthu ayambe kumva kusintha, choncho asawasiye msanga poganiza kuti sakugwira, komanso asawasiye okha akayamba kupeza bwino.

Lero lomwe afunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika ganizolo m'mutu mwa munthu. Chotsani m'nyumba mankhwala opopera mbewu ndi oteteza chimanga ku anankafumbwe, mukasungitse kwa achibale. Akavomera kuti ganizolo lilipo, musawasiye okha, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.