Umboni uja munathamanga nawo, mayi

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Kawale. Amuna anga amwa mowa zaka 11, malipiro onse ankathera m'mabala a ku Bwandilo. Mu Januwale anadwala kwambiri, tinawatengera kuchipatala ndipo anasiya. Patatha masabata atatu ndinakachitira umboni kutchalitchi kuti achira. Kwa miyezi inayi pakhomo panali mtendere. Loweruka lapitali ndapeza timabotolo tiwiri ta midoli m'thumba la makala. Nditawafunsa akuti anzawo anawakakamiza ku chinkhoswe. Ndatopa nazo. Kodi ndiitane ankhoswe ndizipita kwathu ku Dedza?

Mayi wokhumudwa, Kawale

Mayi,

Za anzawo okakamizawo tisatayire nthawi. Munthu wandevu zake samwetsedwa ngati khanda. Botolo ananyamula okha, m'makalamo anabisanso okha. Amenewo lero sindiwamvera chisoni.

Chimene chandiimitsa m'kalata yanu ndi mawu amene mwangodutsapo: "patatha masabata atatu". Masabata atatu, mayi? Imeneyo ndi nthawi ya nkhuku yofungatira mazira. Munthu wamwa zaka 11, inu pa masiku 21 mwaimirira kale kutsogolo, nthungululu zili wiriwiri.

Ife timafuna matenda onse akhale ngati malungo: wamwa LA masiku atatu, wadzuka, wapita kumunda. Uchidakwa uli ngati shuga kapena BP, munthu amakhala nawo n'kumauyang'anira tsiku ndi tsiku. Kunjenjemera kwa manja kumatha pa masiku owerengeka, nkhope imayera, chakudya chimayamba kulowa, apabanja n'kumati basi zatheka. Koma chilakolako chimangogona. Chimadzuka mwezi ukatha ndalama zikalowa, chimadzuka minibasi ikadutsa pamalo pomwe ankamwera, chimadzuka mukayambana usiku. Ambiri amene anasiyiratu mowa anayamba agwapo, ena kangapo.

Tsono taganizani zimene umboni wanu unawachita bambowa. Mpingo wonse unayamba kuwagwira chanza ndi manja awiri, amayi anzanu n'kumauza amuna awo kuti taonani anzanu a ku Kawale. Tsiku limene pakhosi panayamba kuyabwa, akanauza ndani? Inu, amene munalengeza kale kuti achira? Abusa? Anauza thumba la makala. Sindikunyoza pemphero ayi, inenso ndimagwada. Chimene ndimadana nacho ndi khalidwe lathuli lomukweza munthu pamwamba miyendo isanalimbe, akagwa n'kumadabwa ngati watibera. Ndipo ndinene mosapsatira: umboni uja unali wopepuza manyazi anu a zaka 11, osati wothandiza iwo. Ndikumvetsa, koma munawasenzetsa katundu.

Chochita n'chochepa. Sabata ino abwerere kumene anathandizidwa, akanene zoona. Muno mu Lilongwe a Saint John of God ku Area 43 amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo ku Bwaila kuli mbali yoona za matenda a maganizo. Ngati abwerera pomwa tsiku lililonse, musawatsekere m'nyumba kuti asiye lero lomwe; thupi lozolowera mowa likaumanidwa mwadzidzidzi munthu amatha kukomoka, ngakhale kufa kumene. Ndalama ya lendi ndi ya fizi izikhala pa foni yanu. Ankhoswe aitaneni, koma kuti mtolowu usakhale wanu nokha, osati kudzagawa mbale ndi mapoto.

Simunanene ngati amakumenyani. Ngati dzanja limakwera pa inu kapena pa ana, zonse ndanenazi ikani pambali, kwerani basi ya ku Dedza, ndipo mudutsire kupolisi ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Ngati sizili choncho, siyani kuwerenga miyezi. Muziona ichi: ulendo wina akadzamwa, adzakuuzani okha, kapena mudzazipezanso posonkha moto? Auzeni usiku uno kuti mukufuna kumva kwa iwo. Lamlungu mukakhale pa benchi lanu, mukayimbe nyimbo, wina akafunsa za bambo mungoti ali bwino, akulimbikira.

Azakhali