Kodi Maantibayotiki Angathandize Hatchi Yaikazi Kutenga Bere?

Funso: Hatchi yanga yaikazi yakweretsedwa kangapo koma sikutenga bere. Anzanga akundilangiza kuti nthawi iliyonse ikakweretsedwa, dokotala wa ziweto azithira maantibayotiki m'chiberekero mwake kuti tizilombo tonse tife. Kodi uphungu umenewu ndi wabwino? Ndine woweta mahatchi.

Yankho: Uphungu umenewu musautsatire musanadziwe chimene chikuvuta. Kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira kuti m'chiberekero cha hatchi yathanzi mulibe kachilombo kalikonse, koma atayamba kufufuza DNA (malangizo a chibadwa opezeka m'maselo) ya mabakiteriya m'malo mongodalira amene amamera m'labotale, anapeza kuti ngakhale mahatchi obereka bwino amakhala ndi mitundu yosiyanasiyana ya mabakiteriya m'chiberekero. Choncho kupezeka kwa mabakiteriya pakokha si umboni wa matenda, ndipo mankhwala sasankha oipa okha.

Hatchi ikakweretsedwa, chiberekero chimatupa pang'ono chifukwa cha umuna ndi mabakiteriya olowa nawo, koma hatchi yathanzi imadziyeretsa yokha m'maola 24 mpaka 48. Vuto limakhala pa mahatchi, makamaka okalamba, amene chiberekero chawo sichifinya mokwanira, madzi n'kumatsalira mkati mpaka mluza utafika patatha masiku pafupifupi 6 dzira litatuluka. Pamenepo chothandiza kwambiri ndi kutsuka chiberekero ndi madzi amchere a kuchipatala opanda tizilombo komanso jakisoni wa oxytocin, amene amachititsa chiberekero kufinya.

Matenda enieni amayambitsidwa kawirikawiri ndi mabakiteriya otchedwa Streptococcus zooepidemicus ndi Escherichia coli. Dokotala ayenera kutenga zoyeza m'chiberekero, kuona ngati muli maselo osonyeza kutupa, ndi kuyesa mankhwala amene angaphe kachilomboko asanapereke chilichonse. Kuthira mankhwala mobwerezabwereza popanda kuyeza kumabweretsa mabakiteriya osamva mankhwala, ndiponso kumapatsa mpata mafangasi monga Candida, amene kuwachiritsa n'kovuta kuposa matenda oyambawo. Mankhwala ena, monga enrofloxacin, amapweteka khungu la mkati mwa chiberekero akathiridwa m'menemo.

Pemphaninso dokotala aone kapangidwe ka maliseche a hatchiyo, pakuti ngati satsekeka bwino amalowetsa mpweya ndi ndowe, matenda n'kumabwerera ngakhale mutapereka mankhwala oyenera. Vuto limeneli amalikonza ndi opareshoni yaing'ono ya Caslick, imene amasoka mbali ya kumtunda, n'kudzamasula hatchiyo ikatsala pang'ono kubereka.