Gene tizingoti jini basi?

Funso lalero lachokera kwa aphunzitsi ena a Biology ku Chibavi konkuno ku Mzuzu. Akuti akamathandiza ana m'Chichewa kuti amvetse, inheritance amati cholowa, gene amati jini, koma ana amangofa nazo nseko. Ndiye akufunsa kuti akulakwitsa pati.

Aphunzitsi, anawo musawakalipire. Cholowa ndi munda, nyumba, ng'ombe, zimene munthu wasiya atamwalira zija abale amayamba kulimbirana maliro asanathe nkomwe. Nanga mphuno ya bambo anu munadikira kuti amwalire kaye? Mawu ake tili nawo kale, kutengera. Mwanayu watengera mayi ake mano, msinkhu watengera agogo ake aamuna. Matenda ngati sickle cell timangoti akumtundu, aliyense amamva.

Jini ndiye pali kankhani. Mukanena kuti mwana ali ndi majini a bambo ake, ena makamaka a kunyanja uku aganiza zothamangira kwa sing'anga, poti majini kwa anthu ambiri ndi mizimu yoipa. Ine sindikuletsani, mawu ena achidule tilibe, koma tsiku loyamba lomwelo auzeni kuti jini ndi kachidutswa ka DNA komwe kamasunga malangizo a momwe china chake m'thupi chikhalire, akazolowera nseko zija zitha zokha.

Nanga zoti "zili m'magazi"? Pocheza palibe vuto, nanenso ndimatero, koma m'kalasi ayi. Mwana salandira magazi a bambo ake olo dontho, chomwe amalandira ndi ma chromosome (timaulusi ta DNA tonyamula majini) 23 a mu umuna wa bambo ndi ena 23 a m'dzira la mayi, onse pamodzi 46. Pa ma chromosome osankha kuti mwana akhale wamkazi kapena wamwamuna, mayi amapereka X nthawi zonse, bambo ndi amene amapereka X (pabadwe mtsikana) kapena Y (pabadwe mnyamata), ndiye zija zomunena mkazi kuti akungobereka atsikana okhaokha mlandu wake ulibe mutu.

Pomwe ndimalimbana ndi anzanga ndi pa dominant ndi recessive. Ambiri amati jini yamphamvu ndi yofooka. Yofooka sindimaikonda, mwana amva ngati ndi yodwala kapena ikutha. Ine ndimati yoonekera ndi yobisala. Gregor Mendel, wansembe uja wa ku Brno amene anasindikiza zofufuza zake mu 1866, anakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, zobadwa zonse zinatuluka zazitali, koma atazisiya kuti ziberekane zokha zazifupi zinabweranso, pafupifupi imodzi pa 4 zilizonse. Ufupi uja sunafooke, unangobisala.

N'chimodzimodzi ndi khungu la chialubino. Bambo ndi mayi onse akuda, koma aliyense wasunga jini yobisala, zikakumana mwa mwana ndi pomwe zimaonekera, ndipo mpata wake ndi 1 pa 4 pa mimba iliyonse, osati kuti akabereka ana anayi m'modzi ndiye basi, ayi, atha kukhala awiri kapena osakhalapo ndi m'modzi yemwe. Apa mawu oti watengera amavuta pang'ono chifukwa apongozi afunsa kuti watengera ndani poti kwathu kulibe. Yankho ndi loti watengera onse awiri, kuchimuna ndi kuchikazi komwe.